Nsanza za a Mphepo

Ukafuna kumukwiyitsa Duncan Mphepo usavutike n'kumutukwana. Ungodikira manja ake ade ndi oyilo, kenaka umupatse nsanza ya nayiloni. Amaigwira ndi zala ziwiri ngati wagwira chule, n'kuiponya kutali. "Iyi simwa," amatero. "Imangosuntha oyilo kuchoka apa kupita apo." Anyamata a kabaza amazidziwa zimenezi, ndiye amachitira dala kuti amumve akulalikira za ubwino wa thonje, ulaliki womwe ukayamba sutha msanga.

Galaja yake ili pamsika wa Wimbe, kungodutsa chigayo. Ndi chisakasa cha malata akale, benchi lodzaza zipsera, ndi mtengo wa mthethe womwe anapachikapo tcheni chonyamulira injini. Amakonza njinga zamoto, mainjini a zigayo, mapampu a m'madimba, ndipo fodya akayandikira kupita ku okushoni amakonzanso majeke odindira mabelo. Ndi bambo wamfupi, wa imvi zoyamba kumene, wosalankhulalankhula. Koma nkhani ikafika pa nsanza, pakamwa pamatseguka.

Anabadwira ku Kapelula, mwana wa tenanti. Bambo ake analima fodya wa anthu ena mpaka msana unapindika, ndipo Duncan akanatsata mzere womwewo chikhala kuti sanali mwana wosamva. M'malo mokathyola fodya ankazemba n'kukakhala pakhomo la galaja ya pa esiteti, maso ali pa mathirakitala ophwasulidwa. Amakaniko atatopa n'kumuthamangitsa anamupatsa ntchito yopukuta masipanala. Pa esitetipo nsanza zinkabwera m'matumba kuchokera kutauni, zoyera mbee, za thonje lokhalokha, ndipo palibe ankafunsa mtengo wake. Esiteti itagulitsa mathirakitala n'kutseka galaja, Duncan anatuluka ndi bokosi la masipanala, luso m'manja, ndi chizolowezi chimodzi chodula: satseka injini asanaipukute mpaka iwale. Amati kamchenga kamodzi kakatsalira pa bering'i, mwini njinga adzabwerera mwezi womwewo akukutchula mayina omwe mako sanakupatse.

Tsono nsanza yabwino ku Wimbe n'chinthu chosowa, ngakhale mlendo angaseke. Kwathu kuno chovala sichifa msanga. Malaya akapuma kutchalitchi amayamba kupita kumsika, akapuma kumsika amalowa m'munda, ndipo akamadzatuluka m'munda wa fodya amakhala atauma gwa ndi phula, oti ukawaimika amaima okha. Chomwe chatsalapo chimakatseka bowo la zenera, kumangira mbuzi, kapena kusanduka nkhata yosenzera ndowa. Makaniko amafika mochedwa pamzerewo.

Duncan anasakasaka kwa zaka. Anapita kwa matelala, koma zidutswa zawo zinali zazing'ono ngati makutu a mbewa, ndipo amayi osoka zopondera pakhomo anali atazipempha kale. Anayesa ziguduli zakale zokutira fodya, koma zimakanda chitsulo n'kusiyamo ubweya. Chaka cha zisankho nsalu za kampeni zinagwa ngati mvula, iye n'kutola zambiri, kenaka n'kupeza kuti n'zowala pamaso koma zoterera, zosamwa kanthu. Pamenepa ndisanene zambiri. Tsiku lina, injini ya chigayo ili chitsegukire, anang'amba chitenje cha mkazi wake Feliya chomwe iye ankachiona ngati chatha. Mwini wake sankachiona choncho, ndipo sabata yonseyo Duncan anadya ndiwo zopanda mchere.

Mwayi wake unatulukira m'sitolo ya kaunjika ya Usumani ndi mkazi wake Esime, kumapeto kwa msika. Belo lililonse la kaunjika lili ndi zosagulika zake: matisheti obooka, nsalu zogonera zothimbirira, matawulo othothoka, timalaya ta makanda tong'ambika m'khosi. Esime ankazitaya m'dengu lalikulu kuseri kwa chitseko. Duncan analowa kudzafuna thalauza, n'kupunthwa padengulo. Analowetsamo dzanja. Thonje lokhalokha, lofewa, lochapidwachapidwa kumayiko akutali mpaka litaphunzira kumwa.

"Izi mumatani nazo, mayi?" anafunsa.

"Zimenezo n'za amayi," Esime anayankha mwachidule. "Amabwera kudzasankha."

Duncan anawamva mawuwo monga amamvera mwamuna. Amayi amasankha zinthu tsiku lililonse, tomato, usipa, nyemba. Sanafunse kuti zosankhidwazo zimakagwira ntchito yanji. Anatuluka panja pomwe Usumani ankalimbana ndi njinga yake yamoto yokana kulira, ndipo amuna awiriwo anagwirizana dzuwa lisanapendeke. Duncan azikonza njingayo ulere nthawi iliyonse, Usumani azimusungira zosagulika zonse za m'belo lililonse. Palibe ndalama inatuluka m'thumba la munthu, ndipo aliyense anachokapo akuganiza kuti wamudyera mnzake.

"Zonse, a Mphepo?" Esime anafunsa poona dengu likukhuthulidwira m'thumba. "Osasiyako ngakhale zofewazi?"

"Zofewazo ndiye ndikuzifuna, mayi," Duncan anatero akuseka.

Kuyambira pamenepo galaja ya a Mphepo inalemera nsanza. Matumba anaunjikana pakona mpaka kudenga. Zotsala ankagulitsa kwa eni zigayo ndi kwa anyamata a kabaza, ndipo ena anayamba kumutcha mfumu ya nsanza. Dzinalo ankalikana ndi pakamwa pokha. Ndinene zoona, munthuyu anakondwa ngati wagula ng'ombe.

Kutsidya kwa dambo, ulendo wapansi wosatopetsa kuchokera pamsika, kuli mudzi womwe Duncan anakwatirako. Bambo ake a Feliya, a Jeremiya, anali mkulu wa mpingo komanso katswiri wosankha fodya. Ankadziwika ndi ukhondo. Munthu wogwira fodya tsiku lonse, koma Lamulungu ankatuluka ndi malaya oyera ositidwa ndi nsimbi yamakala, mpaka anzawo ankawaseka kuti ntchentche imapempha kaye chilolezo isanawatere. M'mawa wina akuthirira nazale anagwa. Anadzuka mbali imodzi itafa, lilime litalemera. Kuchipatala anati ndi sitiroko, n'kuwabweza kunyumba.

Kuchokera tsikulo akazi awo, a Lefina, anawasamala okha. Feliya ankaloledwa kuphika, kutunga madzi ndi kusesa pabwalo, koma kuchipinda m'mawa sankalowako, ndipo akatola ndowa ya zochapa ankalandidwa. "Za bambo ako ndichapa ndekha," ankatero a Lefina. Odzazonda ankapeza a Jeremiya atatsamira pakhonde, atavala malaya aukhondo, akununkhira sopo. Amayi a mpingo ankabwerera akuyamikira kuti matenda awagwetsa akuluwa koma ulemu sunawachoke.

A Lefina ndi munthu wachikale. Masiku ano apongozi ambiri amakwera njinga imodzi ndi mkamwini, atagwira m'chiuno, koma iwo ayi. Chikwatirire Duncan, sanamuyang'anepo kumaso kapena kumulankhula mwachindunji. Akakumana panjira iwo ankapatukira m'chimanga, iye n'kuvula chipewa n'kuyang'ana mitambo. Moni wawo unkadutsira mwa Feliya. Duncan ankawadziwa apongozi akewo ndi msana, ndi mawu ochokera kuseri kwa nyumba. Sikunali kudana. Kunali kulemekezana kwa mtundu womwe suwoloka dambo popanda mkhalapakati.

Kuseri kwa galaja kuli dzenje momwe Duncan ankatayamo nsanza zikada. Patapita miyezi ingapo chiyambire pangano lake ndi Usumani, anayamba kuona kuti Lolemba m'mawa mulu wa m'dzenjemo umakhala utatsika. Poyamba anati ndi mbuzi. Koma mbuzi sisankha, ndipo wotenga uyu ankasankha. Ankasiya zokhathamira girizi n'kutenga zikuluzikulu, zosada kwambiri, zomwe Duncan ankapukutira m'manja ndi kumaso pomaliza ntchito.

Nthawi yomweyo anyamata ena anali atatsegula galaja yatsopano kutsidya kwa msewu, ndipo makasitomala a Duncan anali atayamba kuchepa. Duncan amapemphera, amaimba nyimbo za m'buku mpaka vesi lomaliza. Koma munthu wa kwathu kuno akaona kuti nsanza yokhala ndi thukuta lake ikusowa pamene malonda akumuthawa, sayamba ndi kutsegula Baibulo. Anamuuza Feliya kuti pali amene akumukonzera mankhwala. Feliya anamuseka, nati makasitomala akuthawa ulaliki wa thonje. Iye sanaseke. Loweruka lotsatira, atatseka galaja, anathira oyilo wakale m'dzenjemo n'kuyatsa moto. Utsi wakuda bii unakwera kumwamba, iye ataima chapafupi, manja m'chiuno.

"Akatenge phulusa," anatero.

Anachita zimenezi Loweruka lililonse, ndipo mtima unakhala m'malo.

Mwezi wa Malichi, fodya ali m'zigafa, Feliya anabwera ndi uthenga woti jeke ya bambo ake yachita dzimbiri, ikufunika kuonedwa nthawi yodinda isanafike. A Lefina ankalimabe kamunda ka fodya mothandizidwa ndi aganyu, poti ndiko kunkachokera sopo ndi mankhwala a odwala. Panjira yopita kumudziko Feliya anadandaula kuti bambo ake akuvutika masiku ano, akungobuula kuti akupsa, koma amayi akuti ndi zotupa za thukuta chabe. Anadandaulanso kuti chitenje chomwe anawagulira amayi pa Khirisimasi sanawaonepo atavala.

Anafika Lamulungu masana. A Lefina atangomva kulira kwa njinga analowera kuseri kwa nyumba. Duncan anakhala pampando pafupi ndi a Jeremiya pakhonde n'kuyamba kuwasimbira za mitengo ya feteleza, nkhani yomwe akuluwo ankaikonda poti inkawapatsa mpata wopukusa mutu. Malaya anali oyera ngati kale. Fungo la sopo linalipo. Koma pansi pa sopoyo panali fungo lina lomwe mphuno ya Duncan singalisokoneze ndi china chilichonse, fungo la dizilo. Anayang'ana uku ndi uku. Pakhomopo panalibe injini, ngakhale nyali ya mafuta, poti anawagulira ya sola iye mwini.

A Jeremiya ankangosunthasuntha pamkeka. Dzanja lawo lamoyo linkakoka thalauza pantchafu ngati akuichotsa pachilonda.

"Moto," anatero movutikira. "Moto, bambo."

Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yawo. Duncan anayang'ana manja ake omwe, ong'aluka m'zala. Ankadziwa bwino chomwe dizilo amachita pakhungu, ngakhale khungu lokhakhala la makaniko. Koma sanamvetsebe. Anapepesa, n'kunyamuka kukaona jeke.

Jekeyo inali kumapeto kwa chigafa. Kuti aifikire anayenera kuwerama n'kudutsa pansi pa mikangala yodzaza fodya yemwe anali atayamba kufiira. Ali mkatikati, pomwe munthu wodutsa panja sangaone, nkhope yake inagunda chinthu chonyowa. Anadzutsa mutu. Pakati pa masamba a fodya panali patayanikidwa nsanza, mzere wathunthu. Yoyamba anaizindikira pomwepo, tisheti yachikasu yokhala ndi zilembo za chilankhulo chachilendo, yomwe anapukutira pampu ya chigayo mvula isanayambe. Inali itachapidwa kambirimbiri mpaka kuonekera kuseri, koma mabala akuda anakana kuchoka. Zinzake zinali chimodzimodzi, zopyapyala, zothothoka m'mbali, zopindidwa mofanana ngati matewera a mwana koma zazikulu. Kumapeto kwa mzere kunali zidutswa za chitenje chatsopano, chodulidwa bwinobwino ndi lumo. Zonsezo zinkanunkha dizilo, ndi fungo linanso lomwe sopo amalichepetsa koma osalithetsa.

Duncan anakhala pansi m'fumbi. Palibe anamufotokozera, koma zonse zinabwera zokha, chimodzi pambuyo pa chinzake. A Jeremiya, munthu wa malaya oyera uja, sankathanso kudzigwira. A Lefina ankabisa zimenezi kwa mpingo, kwa mudzi, ndi kwa mwana wawo yemwe. Nsanza zofewa za m'dengu la Esime ndizo zinkawathandiza, mpaka mkamwini anazikokolola zonse. Atasowa kolowera anayamba kuwoloka dambo Lamulungu m'mawa, anthu ali kutchalitchi, kudzatola m'dzenje zomwe iye wataya. Ankaziwiritsa, kuzichapa, n'kuwaveka amuna awo, dizilo n'kumawotcha khungu la munthu wosatha kudzitembenuza. Kenaka mkamwini yemweyo anayamba kuyatsa moto. Utsi wakuda uja umaoneka bwino kuchokera pakhonde la a Jeremiya.

Anachita manyazi omwe sanachitepo chibadwire. Ankaganiza kuti akulimbana ndi mfiti, chonsecho ankalimbana ndi mayi wokalamba wofuna kuti mwamuna wake asanunkhe pamaso pa alendo. Ndipo monga mwana wa tenanti anaonanso china. Fodya amakoka fungo, ndipo belo lonunkha dizilo ku okushoni limabwezedwa. A Lefina analima fodya moyo wawo wonse, ankazidziwa zimenezi kuposa iye. Komabe anasankha kuyanika m'chigafa kusiyana ndi pachingwe cha pabwalo pomwe wodutsa aliyense angawerenge nkhani yawo.

Duncan anakonza jeke. Sanakhudze nsanza ngakhale imodzi, ndipo potuluka anafufuta mapazi ake pansi pa mzerewo. Pobwerera Feliya anamufunsa chomwe chamudya, iye anati mutu.

M'mawa mwake anapita kwa Esime asanatsegule galaja. Anamupeza yekha akupinda malaya.

"Mayi, dengu lija linkakhala apa, ankasankhamo ndani?"

"Amayi ambiri," Esime anatero osadzutsa mutu. "Ena a makanda, ena atsikana, ena odwazika. Nsanza ya mkazi safunsa ntchito yake, a Mphepo."

"Nanga apongozi anga?"

Manja a Esime anaima. Anayang'ana kukhomo, kenaka anayang'ana Duncan.

"Ine sindinakuuzeni kanthu."

"Simunandiuze, mayi. Ndaona ndekha."

Esime anapumira m'mwamba. "Ankabwera m'mamawa msika usanadzaze, n'kusankha zofewa ndi zazikulu. Tsiku lomwe anapeza dengu lopanda kanthu, bambo akunowa, osadziwa, anawauza mosangalala kuti, 'Mkamwini wanu ndiye watenga zonse, kapempheni komweko.' Iwo anangomanga chitenje n'kutuluka. Sanabwerenso."

"Bwezeretsani dengulo. Zofewa zonse zizitsala kuno, njinga ndizikonzabe."

"Dengu ndibwezeretsa, ndipo amayi ena apuma. Koma iwo aja sadzalowanso muno. Akudziwa kuti za m'dengumo tsopano n'zanu. Kusankhamo n'chimodzimodzi kutambasula dzanja kwa mkamwini."

"Ndiye muwapititsire inuyo."

"Ndikawapititsira adziwa kuti tinakhala pansi n'kuwakamba. Mayi aja atha kupirira njala, koma zimenezo ayi."

Duncan anabwerera kugalaja n'kukhala pa thumba la nsanza, matumba ena atamuzungulira. Anali ndi thonje lokwana kufunda mudzi wonse, koma analibe njira yoliwolotsera dambo limodzi. Kunyamula thumba n'kukalisiya pakhomo kunali kunena poyera kuti waona umaliseche wa apongozi. Kumuuza Feliya kunali kophweka, ndipo kangapo mawu anafika pamlomo. Koma a Lefina analimbana kwa mvula ziwiri kuti mwana wamkazi asamve kuti bambo ake amavekedwa thewera. Anapereka chitenje cha Khirisimasi, anaika fodya pachiswe, anatola za m'dzenje ngati wamisala. Iye ndani kuti agwetse zonsezo ndi chiganizo chimodzi cha pamtsamiro?

Wina anganene kuti mwambo woterewu n'ngolemetsa chabe, kuti anthu akanangokhala pansi n'kukambirana, khungu la a Jeremiya silikanapsa. N'zoona, ndipo Duncan anaganiza choncho, mpaka anakwiya nawo mwambowo. Koma anaonanso kuti a Jeremiya analandidwa mwendo, dzanja, mawu ndi munda. Chomwe chinawatsalira chinali kukhala pakhonde anthu n'kumawapatsa moni ngati mkulu wa mpingo, osati ngati khanda. Chimenecho ndicho a Lefina ankalondera, ndipo mlonda sumuthandiza pomuthyolera mpanda.

Njira yokhayo yomwe inatsala inali dzenje lomwelo. Loweruka madzulo anakolopola phulusa lonse n'kuyala makatoni pansi. Anakhuthula matumba n'kusankha monga sanasankhirepo injini iliyonse: nsalu zogonera zofewa, matawulo, matisheti akuluakulu opanda mabatani kapena zipi. Ankaziyesa pa tsaya lake kuti amve ngati zikukanda. Ndiye panabuka vuto. Nsanza zoyera mbee m'dzenje la makaniko, ndani angakhulupirire kuti zatayidwa? Anaviika chala m'chitini cha girizi n'kudinda pakona pa nsanza iliyonse, kabala kakang'ono koti lumo likhoza kudula. Kenaka anazikwinyakwinya, n'kuziponya mosasamala, n'kutsamiritsa lata lakale pamwamba ngati lagwetsedwa ndi mphepo, kuti mvula isazinyowetse. Tsikulo utsi sunakwere.

Lolemba anazipeza zili momwemo. Mtima unamuwawa sabata yonse. Loweruka linalo utsi sunakwerenso, ndipo Lamulungu m'tchalitchi sanamve ulaliki. Ankangoganiza za njira ya m'dambo, ngati madzi aphwa moti munthu wokalamba angawoloke. Anafuna kutuluka kuti akasuzumire, koma anadziletsa. Lolemba lake anapeza lata litabwezeretsedwa mwaulemu, pansi pake popanda kanthu.

Kuyambira pamenepo ntchito ya Loweruka madzulo inakhala imeneyo. Eni zigayo anadandaula kuti nsanza za a Mphepo zayamba kukhakhala, iye n'kuwauza kuti mabelo a masiku ano ndi otero. Injini zake zomwe anayamba kuzipukuta ndi zotsala, nthawi zina ndi nayiloni yemwe, akutukwana chamumtima. Anyamata a galaja yatsopano anadabwa kuona a Mphepo akuwapatsa moni, mpaka kuwabwereka sipanala. Feliya anati amuna ake akukalamba. Pambuyo pake anabwera ndi nkhani yoti bambo ake asiya kubuula, zotupa za thukuta zija zapola. Duncan anati, "Mulungu ndi wabwino," maso ali pa kabureta.

Fodya wa a Lefina anapita ku okushoni. Belo limodzi linabwezedwa, ndipo palibe ananena chifukwa chake.

Mwezi wa Juni, kukuzizira, Duncan anamutengera Feliya kumudzi kuja panjinga. Anakhala pakhonde ndi a Jeremiya, omwe anali atafunda bulangete mpaka m'chifuwa. Ananunkhiza mwakachetechete. Sopo yekha. Nkhani ya feteleza isanafike pakati akuluwo anali atagona, kukamwa kuli yasa, dzanja lamoyo lili phee pabulangete. Feliya anatenga ndowa n'kupita kumjigo.

Duncan anadzuka kuti akakankhire njinga pamthunzi, pafupi ndi nkhokwe. Atazungulira nkhokweyo anangoti dzidzimu. A Lefina anali pomwepo, atakhala pansi miyendo chitambalale, atamufulatira, akuswa mtedza m'lichero. Nthawi zonse akamva mapazi ake ankanyamuka, koma tsikuli sanasunthe. Duncan anavula chipewa n'kuyamba kubwerera chafutambuyo. Nkhuku ina inali ikuzungulira lichero, ndipo a Lefina anaiopseza ndi dzanja.

"Choka apa, nkhuku yosamva iwe!" anatero. Kenaka mawu anatsika, koma osati kwambiri moti munthu woima pafupi asamve. "Ukapita kumsika ukawauze eni galaja kuti girizi akumuwononga. Sabata ndi sabata chala chomwecho, pakona pomwepo. Akuyesa ine ndilibe maso? Sopo wakwera mtengo. Azingotaya zoyera."

Duncan anaima. Anagwada pambali pa njinga n'kuyang'anitsitsa tcheni ngati chathothoka.

"Azitaya zoyera," anauza gudumu la njingayo.

"Ndipo mkazi wawo asamve."

"Samva."

Mtedza unayambanso kusweka m'manja mwa a Lefina, umodziumodzi.

"Odwala akugona tulo masiku ano," anatero, ngakhale nkhuku inali itapita kale.

Duncan anaomba m'manja chapansipansi. Anakhalabe chogwada mpaka maso atauma, kuti Feliya pobwera kumjigo asamufunse.